Ulole Atate Ako Akuperekeze

Chelstone, Lachiwiri masana

Tione mwana wanga,

Ndakhala pa thebulo la kukhichini, lija logwedera mwendo, ndi mapepala amene ndatenga m'makatoni a atate ako. Iwe uli ku Kamwala kusankha zitenje zokapatsa anthu amene sunawaonepo ndi maso. Ukabwera ndikupatsira kalatayi pa geti. Usaiponye m'chikwama kuti ukawerengere m'ndege, chifukwa kumeneko idzakhala mankhwala ofika maliro ataikidwa kale. Lowa nayo kuchipinda, tseka chitseko, uiwerenge lero lomwe tisanadye.

Ndikudziwa kuti pakamwa ine ndimazungulira. Iwe ndi mlongo wako Dalitso mumaseka kuti amama akayamba nkhani ya mchere amakatulukira ku maliro a ku Katete. Ndiye chimene ndikufuna ndichinene poyamba penipeni, kuti ndikasochera m'tsogolomu ukhale utachimva kale. Mawa usakwere takisi ija wauza mnzako Bwalya kuti akuitanire. Ulole atate ako akuperekeze ku bwalo la ndege. Miyezi yonseyi inu awiri mwakhala mukupatsana moni ngati anthu ongokumana pa mzere wa kuchipatala, ndipo mtima wanga sungakhale pansi iwe ukapita ku Scotland zinthu zili chomwechi. Atate ako si mnyamata, ine sindine mtsikana, ndipo za mawa amazidziwa ndi Mulungu yekha.

Koma usaganize kuti ndikulemba ndi misozi. Masiku ano ndapuma mpweya umene ndinali nditauiwala kukoma kwake. Ndikuuza chifukwa chake, ungondilola ndizungulire pang'ono monga mwa chibadwa changa.

Atate ako atapuma ntchito ku yunivesite, anthu a ku mpingo ankandigwira dzanja ngati kwathu kwagwa zovuta. "Nanga aPulofesa azitani tsopano?" Ine ndinkangogwedeza mutu, koma mumtima ndinali kuimba. Iwe umawadziwa atavala tayi, ataimirira kutsogolo kwa ophunzira, akuphunzitsa za matenda a ziweto. Ine ndimadziwa munthu amene mvula ikangoyamba ankanyamuka kupita kumidzi kumene chigodola chinali kugwetsa ng'ombe, n'kubwerako patapita milungu, zovala zikununkha dipi, thupi lonse zipsera za nkhupakupa mpaka m'khwapa. Ulendo wina anafika atagwira m'nthiti, akupuma mobanika. Ng'ombe inawamenya theche ku Petauke. Nditati tiyeni kuchipatala anandiyankha kuti, "Ndadzipima ndekha, sizinathyoke zonse." Munthu wotereyo ndakhala naye zaka zoposa makumi atatu, galimoto ikangochedwa ine mawondo pansi. Tsono tsiku limene anabweza makiyi a ofesi n'kulowa pa geti pano ndi miyendo yonse, maso onse, zala zonse, ndinalowa kuchipinda n'kunena kuti zikomo Ambuye, mwandibwezera mwamuna wanga, ng'ombe zadya gawo lake lokwanira.

Tsopano mvera zolakwa za mayi ako, chifukwa nzeru zanga zonse ndinazitola pamene ndinagwa.

Ndinalakwa tili ongokwatirana kumene, tikukhala m'mafulati a ku Kabwata. Firiji yathu inali kakang'ono, kofika m'chiuno. Lachisanu lina ndikukonza m'nyumba chifukwa Sabata kunali kubwera alendo a ku mpingo, ndinapeza timabotolo titabisika kuseri kwa mkaka. Mkati munali nkhupakupa, zina zonenepa ngati nzama, zina zikukwawa. Thupi linachita tsembwe. Ine woleredwa ndi mayi amene ankatsuka ngakhale chotsukira chomwe! Ndinazikhuthulira mu sinki, ndinathira madzi owira, mabotolo ndinatsuka mbee n'kuwandandalika pa zenera, kenako n'kukhala pansi kudikira kuyamikiridwa. Sindinadziwe kuti nkhupakupa zimenezo anakazitola kutali, kudera kumene ng'ombe zinali kufa ngakhale zikusamba ku dipi, ndipo ankafuna adziwe chifukwa chimene mankhwala sakuziphera. Ntchito ya dzinja lonse inapita ndi madzi a mu sinki. Atate ako anafika, anayang'ana pa zenera nthawi yaitali, n'kungoti, "Mwatsuka bwino." Basi. Mlungu wonse m'nyumba munali zii. Lamulungu lotsatira anati, "Valani nsapato." Ananditengera kuntchito kwawo, anandikhazika pa kampando, anandionetsa pakamwa pa nkhupakupa m'makina aja okuza tinthu ting'onoting'ono, ndipo anafotokoza, anafotokoza, mpaka m'mimba mwanga munayamba kulira. Ndinabwerako nditatupa, ndikuti munthuyu wandilanga ndi sukulu. Zinanditengera zaka kuti ndizindikire kuti kumeneko kunali kundikhululukira, komanso kupepesa kwawo chifukwa sanandiuze zimene anaika m'firiji yanga.

Pamenepa utolepo ziwiri. Kumene ukupita ukakhala nyumba imodzi ndi anthu achilendo, ndiye chinthu ukapanda kuchimvetsa, funsa usanataye. Chonyansa kwa iwe mwina ndi thukuta la mnzako. Chinacho n'chakuti mawu oti pepani m'kamwa mwa atate ako mulibe, sanabadwe nawo. Pepani wawo amabwera atavala phunziro. Akayamba kukufotokozera za matenda a nkhosa za kumene ukupitako, ngakhale ukuzidziwa kale, usayang'ane pa foni.

Ndinalakwanso tsiku lija la Sabata, ndipo ili ndi limene limandiluma mpaka lero. Unabwera kuchokera ku Woodlands kumene unkakhala, nkhope ikuwala, ndi uthenga woti akulandira kukaphunzira za maopaleshoni a agalu ndi amphaka. Iwe sunadziwe, kapena unadziwa, kuti chitsirizireni maphunziro ako a udokotala wa ziweto atate ako ankauza aliyense kuti ntchito ya ku kiliniki ya ku Kabulonga ndi yongoyembekezera, kuti mwana wawo adzatenga kafukufuku wa ng'ombe pamene iwo adzasiyire. Anaika supuni pansi, alendo ali pomwepo, n'kuti, "Ndiye kuti zaka zonsezi ndimaphunzitsa mwana wanga kuti aziwenga zikhadabo za tiagalu ta ku Kabulonga togona pa sofa? Ng'ombe za anthu zikutha ku Chama uko." Ndipo ine, mayi ako, ndinaseka. Ndinaseka kuti alendo aone ngati ndi nthabwala za m'banja, kuti chakudya chisazizire, kuti mkulu wa mpingo asakanene kwawo kuti kwa aPulofesa kuli mkangano. Iwe sunayang'ane atate ako. Unayang'ana ine. Maso amenewo ndimawaona ndikamapemphera. Mwana wanga, undikhululukire. Ndipo kulikonse ukakhale, munthu akamanyozedwa pamaso pako usaseke pofuna kuziziritsa zinthu. Wonyozedwayo amaiwala msanga mawu a wonyoza kusiyana ndi kuseka kwa amene ankamudalira.

Kuchokera pamenepo ndinadzipatsa ntchito ya mthenga, koma mthenga wabodza. Iwe ukaimba foni n'kufunsa kuti, "Adadi anenapo kanthu?" ine ndinkati, "Aa, anaiwala kale zimenezo, ali bwinobwino." Chonsecho munthu akudya ngati mbalame. Iwo akafunsa kuti, "Mwana uja ali bwanji?" ndinkati, "Watanganidwa, koma wapereka moni." Moni umene iwe sunapereke. Ndinkaganiza kuti ndikumanga, ndinkauza ngakhale Mulungu kuti mabodza awa ndi a mtendere. Koma taona chimene chinachitika: iwe unaona ngati atate ako anakulasa n'kupitiriza kudya osamva kanthu, iwonso anaona ngati iwe sunapwetekedwe, ndiye panalibe chopepesera. Ndiwe dokotala, ukudziwa bwino kuposa ine chimene chimachitika ukasoka khungu pamwamba mafinya ali mkati. Usadzakhale mthenga wokometsa mawu pakati pa anthu awiri okondana. Asiye akumane, ngakhale akumane mokalipirana.

Cholakwa china ndi cha tsiku la phwando lowatsanzika ku yunivesite, ndipo ichi sunachidziwe. Unaona wekha mmene holo ija inadzazira. Anthu amene anawaphunzitsa anachokera ku Mongu, ku Mbala, ku Lundazi, ena imvi zili mbuu kuposa za mphunzitsi wawo. Mlimi wina wa ku Chongwe anabwera ndi mbuzi yamoyo ya mphatso, alonda akulimbana naye pakhomo, mbuzi ikulira pakati pa pemphero lotsegulira. Unamumva bambo wamkulu thupi uja, woyang'anira ziweto m'boma lina kumpoto, akusimba mmene atate ako anamulepheretsera mayeso chifukwa anatchula matenda a ng'ombe ataima kunja kwa khola, nsapato zili phuliphuli. Akuti anamuuza kuti, "Mnyamata, ng'ombe siwerenga satifiketi. Lowa m'ndowemo." Holo yonse inafa nako kuseka, ndipo ambiri anakweza manja kuti nafenso anatiuza zomwezo. Ine ndinalira, chifukwa kwa nthawi yoyamba ndinaona kumene kunkapita mwamuna wanga zaka zonse zija. Sanali kungosowa pakhomo; anali kudzala anthu dziko lonse lino. Bambo uja pomaliza anati, "Tonsefe ndife ana anu." Kenako atate ako anaimirira. Anathokoza aphunzitsi anzawo, madalaivala, osesa m'makola, ngakhale mayi wogulitsa zitumbuwa pa geti. Dzina lako silinamveke. Ndinacheuka n'kukuona uli chiimire kumbuyo, ndipo keke isanadulidwe unali utapita.

Tione, amene anachotsa dzina lako ndine. M'mawa wa tsiku limenelo ndikuwamanga tayi anati, "Ndikufuna ndinenepo za Tione." Ine ndinakumbukira za tiagalu ta pa sofa, ndinaona holo yonse ikukuseka. Ndinakoka tayi ija n'kuti, "Chonde, m'dzina la Ambuye, mwanayo musamutchule." Anandiyang'ana, n'kuti, "Chabwino." Sindinawafunse kuti amafuna kunena chiyani. Mpaka lero sindikudziwa. Mwina akanakupweteka kachiwiri, mwina akanakukweza pamaso pa anthu onse aja. Ndinawatseka pakamwa ndisanamve. Mantha anga ndimawatcha chikondi, koma nthawi zambiri amangokhala mantha basi. Iwenso unatengera kamtima kothamangira kutseka chitseko mphepo isanaombe. Uzidikira munthu amalize chiganizo chake.

Phwando litapita ndinayamba kuopa zina. Ndaona amuna ambiri ku mpingo akupuma ntchito ali olimba, chaka chisanathe tikukawaimbira kumanda. Atate ako ankadzuka nthawi yomwe ija, kusamba, kuvala malaya oyera, n'kukhala pakhonde manja ali pa mawondo, akuyang'ana geti. Makatoni a mabuku ndi zolemba zawo anadzaza chipinda cha Dalitso, koma sankawatsegula. Tsiku lina ndinawapeza akuwerenga chikalata cha malangizo a ketulo ya magetsi. Ndinapemphera kuti Ambuye, munthuyu mupatseni chogwira. Ndiye uone mmene Mulungu amayankhira moseketsa. Ku Chelstone kulibe ng'ombe. Anthu atamva kuti dokotala wamkulu wa ziweto tsopano amakhala pakhomo tsiku lonse, anayamba kugogoda ndi zimene ali nazo: nkhuku zoodzera, kalulu wotupa khutu, mphaka wa ana a sukulu. Ankawathandiza, koma nkhope itakwinyika ngati munthu amene wapatsidwa tiyi wopanda shuga.

Kenako kunabwera bana Mwansa, mayi wamasiye wa kuseri kwa mpanda wathu, uja wochokera ku Luapula. Chimwalirireni amuna awo, ana onse ali ku Kitwe, amakhala okha ndi Taiga, chigalu chofiirira chong'ambika khutu chimene pa sofa sichinagonepo chibadwire. Akuba alowa nyumba zingapo mumsewu wawo, koma kwawo sanayerekeze. Tsiku limenelo anabwera akumukankha pa wilibala, galu ali lephethe, malovu ali chuchuchu.

"Ba Pulofesa, nipempako," anatero, mpweya uli m'mwamba. "Taiga sakudya, ali chabe kusanza. Akafa uyu, ine nizagona bwanji mu nyumba muja?"

Atate ako anagwada pa simenti ndi thalauza lawo labwino. Anapapasa mimba ya galuyo pang'onopang'ono, maso atatseka, monga amachitira akamamvetsera ndi zala. Kenako anafunsa ngati pakhomopo panadyedwa chimanga chootcha. Bana Mwansa anavomera. "Wameza chitsononkho," anatero atate ako, "chatseka matumbo. Pakufunika kung'amba lero lomwe."

"Ng'ambani kansi, ba Pulofesa! Si ndimwe ba dokota bakulu?"

Atate ako anayang'ana manja awo. Ukudziwa mmene zala zawo zayambira kuuma m'mawa. "Mayi," anatero, "ine galu ndinamung'amba komaliza ndili mwana wa sukulu. Ndikamugwira ndimupha." Kenako anatembenukira kwa ine. "Amake Dalitso, yalani chiguduli kumbuyo kwa galimoto."

Tsopano ukukumbukira tsiku limene ine ndi bana Mwansa tinalowa mu kiliniki yanu ku Kabulonga titanyamula galu pa chitenje. Ndinakuuza kuti tabwera pa takisi. Ndinakuuzanso kuti ndikuganiza kuti wameza chitsononkho, ndipo iwe unandiyang'ana m'mbali n'kuti, "Amama, mwayamba liti kupima mimba za agalu?" Linali bodza langa lomaliza, ndipo ndalapa. Anatiyendetsa ndi atate ako. Mumsewu monse ankaliza hutala ngati dalaivala wa minibasi, munthu amene moyo wake wonse amati wothamanga pamsewu ndi mbuli. Titayandikira anaimika galimoto pa kona, kuseri kwa mpanda wa maluwa, n'kuti, "Lowani inu. Musanene kuti ndili pano."

Iwe uli mkati ndi mipeni yako, iwo anali panja m'galimoto, dzuwa lija la mwezi wa Okutobala likuswa mtengo. Sanapite kukagula ngakhale madzi. Ine ndinkatuluka monamizira kukayankha foni, ndipo nthawi iliyonse funso linali lomwelo: "Watuluka?" Pomaliza ndinawabweretsera chidutswa cha chitsononkho chija unatipatsa m'kapepala ka pulasitiki kuti tione. Anachitembenuza uku ndi uku. "Wachipeza pati? Wadula matumbo, kapena wangotsegula n'kutseka?" Ine ndikanadziwa bwanji? Ndinati, "Mwini wake ali mkatimo, kamufunseni." Anagwira chitseko cha galimoto, ndinaona ndi maso angawa, koma anachisiyanso.

Taiga atabwerera kwawo, atate ako anapeza ntchito. M'mawa uliwonse magalasi m'thumba, ulendo kwa bana Mwansa kukaona bala. Tsiku lina ndinawatsatira ndi mbale ya phala la galuyo, chifukwa iwe unalamula zofewa zokhazokha. Ndinawapeza atagwada, akuyendetsa chala m'mbali mwa msoko wako osaukhudza.

"Mukuona apa, mayi?" ankatero. "Palibe pokoka, palibe potayirira. Ine ndaphunzitsa anthu ambiri, koma a dzanja lotere ndi owerengeka."

Bana Mwansa, paja sasunga mawu m'kamwa, anati, "Nanga si mwana wanu, ba Pulofesa? Mwamuuza?"

"Mayi, gwirani mutu wa galu."

"Mutu nagwila kudala. Nafunsa ngati mwamuuza."

Atate ako anangopitiriza kuyang'ana bala. Koma tikubwerera, titafika pa geti pathu, anaima n'kuti, "Amake Dalitso, mayi uja alibe khola. Ng'ombe yake ndi galu ameneyu." Ine ndinangoti ee, poopa kuwadula kachiwiri. Anapitiriza kuti, "Ine ndinkaona ngati ntchito yathuyi imathera pa khola." Anatsegula geti n'kulowa. Madzulo ake anadya mbale yonse n'kupempha ina, koyamba chichokereni tsiku lija la Sabata.

Ndi chimenechi chandipumitsa, mwana wanga. Munthu amene ndinkaopa kuti adzapita m'manda ali ndi mawu aja m'kamwa wawalavula yekha, popanda ine kumukometsera. Chatsala n'chakuti iwe uwamve, ndipo nthawi yatsala ndi ya lero ndi mawa m'mawa.

Usandimve molakwa. Sindikuti usinthe maganizo, sindikuti ubwerere ku ng'ombe kuti atate ako asangalale. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Ng'ombe zili ndi anthu ake, unawaona atadzaza holo. Pita ukaphunzire za agalu akowo ndi mtima wonse, ukabwere nazo kuno, chifukwa a bana Mwansa ndi ambiri mu Lusaka muno kuposa a pa sofa. Sindikutinso atate ako sanalakwe. Analakwa, pamaso pa alendo, ndipo unali ndi chifukwa chokwiyira. Ndikungoti mkwiyo usaupatse mpando m'ndege.

Zina ndi zazing'ono, koma mayi sangazisiye. Ukafika ufunefune mpingo mlungu woyamba womwe, usadikire kuti ukhazikike kaye, chifukwa kukhazikika sikutha. Ndamva kuti kumeneko nyengo yozizira dzuwa limalowa anthu asanaweruke, ndiye Lachisanu uzichenjera, Sabata lingakupeze uli ndi mpeni m'manja. Ngati nyama ili pakati pa moyo ndi imfa, ithandize, Mulungu si wankhanza. Koma usazolowere kupeza zifukwa. Jekete lija wagula ndi lokongola koma ndi lopyapyala, ukagule lina la konko ngakhale likhale loipa maonekedwe. Uzidya chakudya chenicheni utakhala pansi, osati mabisiketi uli chiimire monga umachitira ku kiliniki. Galu wachilendo, kaya mwini wake alumbire kuti saluma, umange pakamwa. Manja akowo ndiwo munda wako. Za anyamata sindinena zambiri, ndiwe wamkulu. Koma amene adzakuuze kuti ntchito yako ndi yaing'ono, ngakhale moseka, umuyankhe tsiku lomwelo, usamusungire.

Pakuti vuto lako ndi limenelo, ndipo ukudziwa kumene unalitenga. Ukakwiya umakhala chete n'kuyamba kukolopa m'nyumba moyera kale. Atate ako akakwiya amakhala chete n'kuyamba kunola mipeni yakuthwa kale. Kuno ndinalipo ine wozungulira pakati panu, kaya bwino kaya moipa. Kumeneko kulibe amene adzadziwe kuti Tione akamakolopa ndiye kuti mtima ukuwawa. Adzangoti mtsikana wa ku Zambia ndi waukhondo. Uziyankhula, mwana wanga. Ndipo ukamaimba foni kuno, uziimbanso pa nambala ya atate ako. Ukadzaimba kwa ine n'kunena kuti "muwapatse moni adadi," ndidzadula. Ntchito ya umthenga nanenso ndapuma.

Ndinaima kaye kulemba chifukwa kuseri kwa nyumba kunamveka phokoso. Nditasuzumira pa zenera ndapeza atate ako atulutsa masutikesi ako onse. Amangirira sikelo yawo yakale yoyezera ana a ng'ombe pa nthambi ya mtengo wa mapeyala, ndipo sutikesi yako yaikulu ikulendewera m'mwamba ngati thole, iwo atakweza magalasi pamphumi akuwerenga muvi. Posakhalitsa anabwera pakhomo la khichini.

"Yaikuluyi yapitirira muyezo, akaibweza pa bwalo la ndege. Waikamo chiyani mwanayu, miyala?"

Sindinawauze kuti ndine ndinalowetsamo ufa, nsinjiro ndi kapenta pansi pa majuzi ako. Tichotsako limodzi, koma kapenta asatuluke.

Anaima pomwepo akupukuta manja ndi kansalu, manja oti analibe litsiro. Kenako, akuyang'ana denga, anati, "Kodi mwana uja wanena kuti amuperekeza ndani mawa?"

Lilime langa linali litakonzeka kale kunena kuti, "Aa, ananena kuti akufuna inuyo." Bodzalo linafika pa mano penipeni. Ndinalimeza. Ndinati, "Atate ake a Tione, mwana wanu ali ndi makutu, inu muli ndi pakamwa. Mumufunse nokha." Anandiyang'ana ngati ndalankhula Chitchaina. Kenako anafunsa kuti ufika nthawi yanji, ndipo ndinati dzuwa lisanalowe.

Pamene ndikulemba pano akutsuka galimoto. Atulutsa zingwe ndi zidebe zimene zakhala kumbuyo kuja kuyambira iwe usanabadwe, akupukuta mpando wakutsogolo, mpando wanga, ndipo ndikuona kuti mawa ine ndikhala kumbuyo ndi masutikesi. Sindikudziwa ngati alimba mtima kukufunsa. Mwina angoyamba ndi kulemera kwa sutikesi n'kuthera pomwepo. Akakanika, uwathandize, iwe ndiwe wa dzanja lopepuka.

Ukamaliza kuwerenga usabwere kukhichini kudzandithandiza, ndiwo ndithana nazo ndekha. Samba kumaso, tulukira khomo la kuseri. Uwapeza pansi pa mtengo. Ine sindituluka, ndipo zenera nditseka.

Ambuye amene anandibwezera atate ako kuchokera m'makola onse aja akusunge kumene ukupita, akubwezenso kwa ife tikadali ndi maso okuona.

Ndine mayi ako,
amene akukupempherera ngakhale mpunga ukupserera.